Kutembenuza Apongozi

"Gwirani paphewa, abambo, osati pakhosi," anatero asista, nasuntha dzanja langa.

Mtsikana amene anagona pabedipo sankadwala. Anali wophunzira unamwino, ndipo anagona ndi yunifolomu yake kuti ine ndiphunzirirepo. Anadzilemeretsa dala ngati thumba la fetereza. Anzake anazungulira bedi akubisa kuseka. Asista anandiuza kuti ndimupinde bondo, dzanja lina paphewa, lina m'chiuno, kenaka ndimutembenuzire kumene ndaima. Ndinatero. Wina anaika pilo kumsana, wina pakati pa mawondo. Asista anati ndibwereze. Ndinabwereza mpaka mtsikanayo anadandaula chizungulire, anzake n'kumunena kuti wapeza pogona masana.

Apongozi anga anali m'wodi yomweyo, bedi lakumapeto. Nthawi yonseyo anayang'ana kukhoma.

Anagwa ndi sitiroko akupeta mapira pakhomo. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panapotoka. Azimayi anawakweza pangolo, ine ndinayendetsa ng'ombe mpaka kukiliniki, ndipo kumeneko anatitumiza ku Chipata. Madokotala anachita zawo. Atatha anati zotsala n'zakunyumba.

Asistawo anali mphunzitsi wa manesi. Anali ndi kafukufuku wawo, ndipo anatifotokozera tisanatuluke. Anati anthu a sitiroko ambiri akabwerera kuchipatala, sabwera ndi sitiroko. Amabwera ndi zilonda kumsana ndi m'matako, chifukwa chogonera mbali imodzi. Iwo ankafuna kuona ngati zingasinthe achibale akaphunzitsidwa kutembenuza wodwala asanapite kwawo, manesi n'kumawayendera kumudzi. Anafunsa ngati tikulola. Mkazi wanga analola. Apongozi anagwedeza mutu movomera.

Wotiyang'anira anali mtsikana yemwe uja ndinaphunzirirapo, wokulira ku Kapata, m'tauni ya Chipata, wapakamwa. Anafunsa kuti kunyumba kuli ndani. Mkazi wanga anati tilipo awiri. Mwana wathu wamkazi anakwatiwa ku Kasenengwa ndipo anali ndi khanda, wamwamuna ali ku Lusaka. Mtsikanayo anayang'ana mkazi wanga, yemwe ndi wochepa thupi ndipo msana umamuvuta kuyambira kale. Anayang'ana apongozi, omwe ndi mayi wathupi. Kenaka anayang'ana mikono yanga n'kunena kuti basi, nkhani yatha. Ndi mmene ndinapezekera pabedi paja.

Ine ndine mkamwini. Ndinamanga pamudzi pa mkazi wanga, ku Chipangali. Chikwatirireni sindinakhalepo pamphasa imodzi ndi apongozi, sindinadyepo nawo, sindinawayang'anepo kumaso. Tikakumana m'njira, wina ankapatukira m'tchire. Mawu ankadutsira kwa mkazi wanga kapena kwa ana. Ambiri masiku ano anazisiya zimenezi. Ena amapatsana nkhuku, manyazi n'kutha, n'kuyamba kucheza. Ife sitinachite. Panalibe mkangano. Iwo ankafuna choncho, ndipo ine sizinkandivuta, popeza sindine wolankhula.

Titafika kumudzi tinawagoneka m'nyumba yawo, yomwe ili pafupi ndi yathu. Mkazi wanga anasamukira momwemo. Asista anali atanena kuti pasamapite maola oposa awiri munthu asanatembenuzidwe. Dzuwa litasuntha ndinapita pakhomo n'kukhosomola. Nditangoponda mkati, apongozi anakoka chitenje ndi dzanja lamanzere n'kudziphimba kumaso. Anatulutsa mawu amene ine sindinawamve. Mkazi wanga anawamva. Anati nditulukemo. Ndinatuluka.

Mkazi wanga anayamba kuwatembenuza yekha. Sankatha kuwanyamula, choncho ankawakoka ndi mkono, thupi likukhwekhwereza pamatiresi. Azimayi oyandikana nafe ankathandiza m'mawa, koma inali nthawi yokumba nshawa, ndipo dzuwa likakwera pamudzi pankatsala nkhuku zokha. Amayi a mumphakati ankabwera Lamulungu kudzapemphera ndi kuwasambitsa. Masiku enawo apongozi ankakhala chagada nthawi yaitali. Mkazi wanga anayamba kuyenda chowerama, dzanja lili m'chiuno.

Ine ndinkachita zakunja. Kutunga madzi, kuwaza nkhuni, kuwiritsa madzi. Ndinasoka timatumba n'kuikamo thonje lakumunda kuti tikhale mapilo. Zonse ndinkasiya pakhomo.

Galimoto yakuchipatala inabwera tsiku lina masana. Munali asista ndi mtsikana wa ku Kapata uja. Analowa m'nyumba, ine ndinakhala panja pachitsa. Anachedwamo. Potuluka anandiitanira kuseri kwa nkhokwe.

Asista anati pansi pa msana patseguka chilonda, kukula kwake ngati chitsekero cha botolo, ndipo chidendene chimodzi chayamba kuda. Mtsikana uja sanadikire kuti amalize.

"Abambo, ndinagona pabedi paja mpaka chizungulire. Munaphunzira chiyani?"

"Ndi apongozi," ndinatero.

"Apongozi alibe khungu?"

Anapitiriza kuti kwawo ku Kapata mlamu wake amakwera basi imodzi ndi apongozi ake, amakhala mpando umodzi, amagawana chimanga chowotcha, ndipo palibe amene wafa. Asista anamuuza kuti akatenge chikwama m'galimoto. Atapita, anandilankhula mosakweza mawu.

"Sitiroko yawaleka amoyo. Chilonda ichi sichiwaleka. Chikalowa mkati chifika pafupa, thupi litentha, ndipo mudzabwera nawo kwa ife mochedwa. Ndaziona kambiri. Mayi akunyumba kwanu sangathe okha, nawonso mukhala mukuwatembenuza posachedwa."

Ndinati ndamva, koma wokana si ine.

Analowanso m'nyumba. Ine ndinakhala kuseri kwa khoma, pomwe mawu ankamveka. Asista anayamba ndi za nkhuku. Anati mwambo womwewo uli ndi khomo lotulukira, mkamwini abweretse nkhuku, manyazi athe. Apongozi anayankha, mkazi wanga akumasulira chifukwa lilime linali lolemera. Anati nkhuku imatsegula pakamwa kuti anthu azicheza, siivula munthu. Anati akalamba osaonedwa ndi mwamuna wa mwana wawo, ndipo sayamba lero. Kuli bwino awole.

Asista sanatsutse. Anafunsa kuti chimene akukana kwenikweni n'chiyani, maso a mkamwini, manja ake, kapena pakamwa pa anthu apamudzi. Apongozi anati zonse. Asista anati chabwino, tizitenge chimodzichimodzi.

Za maso anati n'zosavuta. Mwana wawo aziwafunditsa thupi lonse ndi nkhope yomwe mkamwini asanalowe, ndipo kusambitsa ndi kutsuka chilonda zizichitika iye atatuluka. Za manja anati kuchipatala nakonso pali njira ina. Amapinda nsalu yolimba n'kuiyala pansi pa wodwala, kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu. Otembenuza amagwira nsaluyo, mmodzi uku wina uko. Thupi saligwira. Anati njirayi ndi yabwinonso pakhungu, chifukwa munthu amanyamulidwa, sakhwekhwerezedwa. Sanatiphunzitse poyamba chifukwa ankayesa kuti kunyumba wotembenuza adzakhala mmodzi. Za pakamwa pa anthu anati alibe mankhwala ake, zimenezo tione tokha.

Kenaka mkazi wanga anatuluka n'kunena kuti amayi sanavomere, koma sanakanenso, ndipo kwa iwo kumeneko ndiye kuvomera.

Tinaphunzirira m'nyumba yathu, chitseko chotseka. Mtsikana wa ku Kapata anagonanso, ulendo uno pamphasa, akung'ung'udza kuti sukulu yake yonse ithera pansi. Mkazi wanga anatulutsa nsalu yapabedi yomwe ankasunga m'sutikesi. Asista anationetsa kukulunga m'mphepete mwake kuti manja agwire zolimba pafupi ndi thupi. Ine ndinkanyamula ndi kukoka, mkazi wanga ankangowongolera ndi kuika mapilo. Anationetsanso kuika kathumba pansi pa katumba ka mwendo kuti chidendene chilendewere osagunda kanthu. Anasiya nsalu zomangira chilonda, nauza mkazi wanga kuti azitsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, asamatikite pamene pada, ndipo pogona pazikhala pouma. Anatinso phala likhale la nshawa, ndipo mazira asamapite kumsika onse.

Tsiku lotsatira ndinamweta udzu. Ndinamanga mpanda kuchokera pangodya ya nyumba yathu kukafika pa nyumba ya apongozi, wotseka makomo onse awiri. Ofunsa ankauzidwa ndi mkazi wanga kuti ndi wotchinga mphepo ndi mbuzi, kuti odwala aziwothera dzuwa mwaufulu.

Mpanda utatha ndinapita pakhomo n'kukhosomola. Mkazi wanga anati ndidikire. Kenaka anati ndilowe. Kupatula tsiku lija anandibweza, m'nyumbamo ndinali ndisanalowemo chiimangireni, pakuti ndinaimanga ndine. Munali fungo la mkodzo ndi sopo. Pamatiresi panali mulu wa zitenje, wosaoneka mutu kapena miyendo. Ndinagwada, ndinakulunga nsalu, maso ali kudenga. Mkazi wanga anati tiyeni. Ndinanyamula. Anali olemera kuposa mtsikana uja, ndipo mbali yakufayo inkatsalira m'mbuyo ngati si yawo. Anaumitsa thupi, osapuma. Atagonera m'mbali, mkazi wanga analowetsa mapilo. Ndinatuluka.

Zinakhala choncho tsiku ndi tsiku. Kukhosomola, kudikira, kulowa, kunyamula, kutuluka. Wotchi tinalibe. Foni ya mkazi wanga inkatha moto kawirikawiri, choncho masana ndinkayendera mthunzi wa mpanda. Usiku mkazi wanga ankagogoda pakhoma ndi mthiko.

Munda wathu wa nshawa uli patali ndithu. Ndinkapita, kukumba pang'ono, kubwerera, kupitanso. Anthu ankandiona ndili m'njira nthawi imene anzanga ali chiweramire. Anayamba kunena kuti mkamwini wa pakhomo paja wayamba ulesi, ena ankati ndayamba kachasu. Atsibweni ake a mkazi wanga, mchimwene wawo wa apongozi, anabwera kudzandilankhula. Anati munda umenewo ndi wa mbumba yawo, ndipo sanandipatse kuti ndidyetse chiswe. Ndinati ndamva. Chiswe chinadyadi mizere yakumunsi, ndipo zina zinatsalira m'nthaka itauma.

Chilondacho sindinachionepo. Ndinkangomva kwa mkazi wanga. Poyamba anati chakula, chikutuluka madzi. Anakwiya nane ngati ndine ndachikulitsa, ndipo anati mwina tikuvutitsa amayi pachabe. Tinapitiriza. Manesi atabweranso anachiyeza, nati m'mphepete mwayamba kufiira bwino, tisaleke. Mtsikana wa ku Kapata anali atasiya kundikalipira. Anandinong'oneza kuseri kwa mpanda kuti ndikafuna ntchito m'wodi ya amuna andilembera, chifukwa kumeneko onyamula ndi ochepa. Mkazi wanga anamuuza kuti atseke pakamwa, mpanda ndi udzu chabe.

Tsiku lina chitenje chinatsetsereka tili pakati ponyamula. Sindikanatha kusiya nsalu. Ndinaona nkhope yawo pafupi, koyamba. Anali atatsinzina mwamphamvu ngati mwana amene akudikira jakisoni. Tsitsi lonse linali loyera, zomwe sindinkadziwa chifukwa ankavala duku nthawi zonse. Mkazi wanga anabweza chitenje msanga. Sitinazitchule, tsikulo kapena lina lililonse.

Nthawi yozizira inadutsa. Chidendene chinabwerera mwakale osatseguka. Chilonda chakumsana chinayamba kuchepa, mkazi wanga akundionetsa kukula kwake ndi chala, poyamba chala chachikulu, kenaka chikhadabo cha kachala kakang'ono. Msana wake nawonso unawongoka. Apongozi anayamba kukankha ndi mwendo wamoyo tikamawatembenuza, ndipo ntchito inapepuka. Lilime linamasukako. Ndili panja ndinkawamva akukalipira mwana wawo za mchere wa m'ndiwo. Kwa ine sanalankhulepo. M'mawa wina mkazi wanga anabwera ndi dzira lophika n'kunena kuti amayi akuti lawakwana, lisatayidwe. Ndinadya.

Ulendo womaliza wa manesi unali nthawi yotentha, anthu atamaliza zakumunda. Galimoto inabwera yodzaza. Asista anatenga ophunzira atsopano kuti adzaone pakhomo pamene chilonda chinapola wodwala ali kumudzi. Anthu ataona galimoto anasonkhana. Panali amayi a mumphakati, oyandikana nafe, ndi atsibweni aja, omwe anabwera ndi mpando wawo. Manesi anawaona apongozi m'nyumba, natsimikiza kuti patsala chipsera chokha. Kenaka azimayi anawanyamulira pakhonde n'kuwatsamiritsa kukhoma, atavala duku latsopano. Ine ndinakhala patali, pafupi ndi khola.

Asista anatsalira m'nyumba ndi mkazi wanga, akuona pogona ndi mapilo aja. Panja mmodzi wa ophunzira atsopano, mnyamata wa magalasi, anayamba mafunso otsekera kafukufuku. Ankafunsa mokweza kuti anzake amve. Anafunsa za chakudya, za madzi, za kusamba. Apongozi ankayankha okha, pang'onopang'ono, azimayi akuwathandiza mawu ovuta. Kenaka anafunsa kuti amawatembenuza ndani.

Mtsikana wa ku Kapata anamwetulira n'kutembenukira kumene ndinali. Anatsegula pakamwa. Apongozi anamuyambirira.

"Mwana wanga wamkazi. Yekha."

Mawuwo anatuluka omveka bwino kuposa ena onse a tsikulo. Mnyamatayo anati zimenezo n'zovuta kukhulupirira, mayi wochepa chotero, usana ndi usiku, popanda wothandiza.

"M'nyumba mwanga simulowa mwamuna," anatero apongozi.

Atsibweni anagwedeza mutu n'kuuza mnyamatayo kuti alembe zimenezo, kuno ulemu ulipobe, si ku tauni. Azimayi anayamba kuyamikira mkazi wanga, kuti ana otere atsala ochepa. Mtsikana wa ku Kapata anatseka pakamwa. Anayang'ana apongozi, anayang'ana anthu, kenaka anayamba kukonza chikwama chomwe chinali chokonza kale. Asista anali atafika pakhomo, ndipo anaima pomwepo. Mkazi wanga anali kumbuyo kwawo, maso pansi.

Mnyamatayo sanakhutire. Anandifunafuna ndi maso mpaka anandipeza.

"Nanga inu abambo? Akuti kuchipatala munaphunzitsidwa ndinu. Munathandizapo chiyani?"

Anthu onse anatembenuka. Apongozi okha ndi amene sanatembenuke. Dzanja lawo lamanzere linagwira m'mphepete mwa mphasa.

Ndinaimirira, ndinasansa fumbi pabuluku, ndinatsegula khola. Ng'ombe zinatuluka, ndipo ndinazitsata kulowera kudambo.